Belu Likasiya Kulira: Wophunzira wa ku Yunivesite ndi Nthawi Yake

Pa tsiku lopereka asayimenti, malo oyamba kudzaza si laibulale ayi, koma kashopu kosindikizirako mapepala. Dzuwa likamatuluka mzere umakhala utafika kale panja. Uyu flashi ili m'manja, uyo akumalizitsa tsamba lotsiriza laputopu ili pamaondo, maso ali psuu chifukwa sanalawe tulo. Magetsi akangoti thii, makina onse amaima, ndipo mtima wa aliyense umathamangira ku ofesi ya aphunzitsi kumene chitseko chitsekedwe nthawi ikakwana. Zimenezi mukazipeza m'mayunivesite a ku Chirunga, ku Chichiri, ku Bunda, ku Luwinga ngakhalenso ku Ndata.

Chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri mwa achinyamatawa si aulesi. Ndi omwe aja anakhoza bwino mayeso a MSCE, mudzi wonse n'kusangalala dzina lawo litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa. Ntchitoyo anapatsidwa masabata atatu apitawo, ndipo nzeru zoilembera ali nazo. Nanga masabata atatuwo anapita kuti? Funsoli n'lofunika kulifatsira, chifukwa tikangoti "ana a masiku ano ndi aulesi" tiyankha molakwa, ndipo mankhwala amene tipereke adzakhala a matenda ena.

Nthawi inali ndi woisunga

Mwana amene anaphunzira pa sekondale yogonera konko anakhala zaka zinayi akulamulidwa ndi belu. Belu lodzutsa, belu la phala, belu la kalasi, belu la pulepu, belu logonera. Amene anaphunzira pa sekondale yoyendera naye anali ndi omusungira nthawi: mayi omudzutsa mbandakucha, mtunda woti ayende, ndi mphunzitsi woti mawa lake aone makope. Pa zaka zonsezo mwanayo anaphunzira masamu, sayansi ndi Chingerezi, koma kugawa tsiku lake anamugawira ndi ena.

Akafika ku yunivesite belu lija limasowa. Lolemba akhoza kukhala ndi kalasi 8 koloko m'mawa, ina 2 koloko masana, pakatipa palibe womufunsa. Aphunzitsi amapereka ndondomeko ya phunziro lonse sabata yoyamba, amatchula tsiku lopereka ntchito, basi. Sabwera kuhositelo kudzakumbutsa munthu. Kwa wophunzira wa chaka choyamba, maola opanda kalasi aja amaoneka ngati tchuthi, chonsecho ndiwo maola amene yunivesite imayembekeza kuti aziwerenga ndi kulemba. Kalasi imangotsegula chitseko. Ntchito yeniyeni imagwiridwa munthu ali yekha.

Vuto limakula chifukwa maphunziro amakhala asanu kapena asanu ndi limodzi pa semesita, ndipo aphunzitsi onse amayenda ndi kalendala imodzi. Masabata oyamba kumakhala zii. Pakati pa semesita asayimenti ndi mayeso ang'onoang'ono zimagwa nthawi imodzi ngati matalala, kenako zimagwanso mayeso akulu atayandikira. Malikisi a ntchito zimenezi si ongosewera. Pa maphunziro ambiri amafika 40 pa 100 alionse a malikisi omaliza, kwina kuposa pamenepo. Wotaya malikisi amenewa amalowa m'chipinda cha mayeso atatsimphina kale. Mapeto ake ndi sapu (kulembanso mayeso), kubwereza phunziro, kapena chinthu chimene wophunzira aliyense amachiopa, kuwidiwa, ndiko kuchotsedwa sukulu.

Akuba a kunja

Malangizo ambiri a kasungidwe ka nthawi analembedwera munthu amene ali ndi chipinda chakechake, magetsi osazima ndi intaneti yosatha. Wophunzira wa kuno kwathu amakhala m'dziko lina, ndipo ndondomeko imene siwerengera zimenezi imafa sabata yake yoyamba.

Malo ogona pa sukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, choncho ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda mumzinda wa Zomba. Kumeneko tsiku limayamba ndi kutunga madzi, kuyatsa mbaula, kuyenda wapansi kupita ku kalasi. Madzulo munthu aganize za ndiwo asanaganize za buku. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, lathandiza ambiri, koma si onse amapeza ngongoleyo, ndipo ndalama ya kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya m'thumba inayamba kutha mwezi usanafike pakati. N'chifukwa chake ophunzira ambiri ali ndi kageni: uyu akugulitsa kaunjika, uyo akuluka tsitsi, wina akuphunzitsa ana a sekondale madzulo. Maola amenewo amachoka pa buku, koma popanda iwo munthu sadya.

Magetsi nawo ali ndi nkhani yawo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira kwa miyezi yambirimbiri. Amene anali pa sukulu nthawi imeneyo akudziwa kuti kulemba kunkayendera batire la laputopu. Onjezanipo bandulo yotha pakati pa kufufuza, buku limodzi lolimbirana kalasi yonse, malungo, ndi maliro. Kwathu kuno foni ikalira usiku kuti agogo atisiya, munthu amanyamuka, ndipo masiku atatu kapena anayi amapita. Umenewo ndi umunthu, ndipo palibe ndondomeko yabwino imene ingauze mwana wa Mmalawi kuti asakaike m'bale wake.

Akuba nthawi a kunjawa sitingawathetse ndi kope la ndondomeko. Chimene tingachite ndi kuwayembekezera. Magetsi kuzima tsiku lomaliza si tsoka lodzidzimutsa; ndi chinthu chodziwika ngati mvula ya mu January.

Akuba a m'kati

Palinso akuba ena amene amagona m'nyumba momwemo. Woyamba ndi kuzengereza, ndipo makolo anamudziwa kale pamene ankati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma kuzengereza kawirikawiri sikuchokera ku ulesi. Kumachokera ku mantha. Funso la asayimenti likakhala losamveka, kapena munthu akamaopa kuti zimene alembe zioneka zachibwana, mtima umathawira ku ntchito ina yosavuta. Ndiye mudzaona wophunzira akuchapa zovala zonse, akusesa chipinda, akukonza mafayilo a m'kompyuta. Tsiku limatha ali wotopa ndithu, koma tsamba loyamba likadali loyera.

Wachiwiri ndi kudzinamiza poyeza kukula kwa ntchito. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba za chizolowezi chimenechi mu 1979: munthu amachepetsa nthawi imene ntchito yake idzatenge, ngakhale akudziwa kuti ntchito zam'mbuyo zinamuchedwetsa. Mu 1994, Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a chaka chomaliza kuti adzamaliza liti kafukufuku wawo. Ophunzirawo anati pafupifupi masiku 34. Atauzidwa kuti aganize ngati zonse zitavuta, anati masiku 49. Ntchitoyo inawatengera masiku oposa 55. Taonani, ngakhale kuyeza kwawo kwa tsiku loipa kunaperewera. Wophunzira akamati "imeneyi ndi ya usiku umodzi," amakhala akuwerenga nthawi yolemba yokha. Waiwala kusaka mabuku, kuwerenga, kuganiza, kukonza zolakwika, kulemba mndandanda wa kumene watenga mfundo, ndi mzere uja wa kosindikiza.

Wachitatu ali m'thumba. Foni ndi chida cha sukulu ndithu: gulu la kalasi lili pa WhatsApp, manotsi amabwera pomwepo, kusintha kwa nthawi ya kalasi kumalengezedwa pomwepo. Koma khomo lomwelo ndi limene TikTok, Facebook ndi mpira wa ku England zimalowera. Munthu amatsegula kuti aone uthenga umodzi, n'kudzidzimuka ola latha. Choipa kwambiri si ola lotayikalo, koma kuti maganizo akadulidwa amatenga nthawi kuti abwerere pamene anali. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tiphunzire kwa mlimi

Nzeru yosunga nthawi sitiyenera kuiitanitsa kutali. Mayi aliyense wa kumudzi amene amalima chimanga amaidziwa. Amasosa ndi kugalauza dzuwa likadali phwee, mvula isanaganize n'komwe zobwera. Amadzala ndi mvula yoyamba. Amapalira udzu usanakule, amathira feteleza pa nthawi yake, amabandira. Palibe mlimi amene amadikira mwezi wa April kuti adzale, apalire ndi kukolola usiku umodzi, chifukwa chimanga chimafuna masiku kuti chikule. Maganizo nawonso amatero. Asayimenti ndi munda, ndipo mvula yake yoyamba ndi tsiku limene aphunzitsi aipereka.

Choncho ntchito yoyamba ichitike tsiku lomwelo, ngakhale kwa mphindi 20 zokha. Werengani funsolo kawiri, lilembeni m'mawu anuanu, ndipo onani ngati mwamvetsa chimene akufuna: kufotokoza, kuyerekeza, kapena kutsutsa. Ngati simunamve, funsani sabata yomweyo. Safunsa anadya phula, ndipo aphunzitsi amalandira bwino funso lobwera masabata awiri tsiku lisanafike kusiyana ndi lobwera usiku womaliza. Ubwino wina wa kuyamba msanga ndi wakuti funso likalowa m'mutu limayenda nanu. Mukamapita ku Chikanda, mukamatsuka mbale, mfundo zimabwera zokha.

Kenako werengani masiku chobwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa nkhani ya masamba 8 yoti iperekedwe Lachisanu pakatha masabata atatu. Tsiku lanu lomaliza lisakhale Lachisanu, likhale Lachiwiri. Masiku atatu otsalawo ndi nkhokwe ya magetsi, malungo ndi maliro. Kuchoka Lachiwirilo, patulani masiku awiri okonza zolakwika, masiku asanu olemba, tsiku limodzi loika mfundo m'ndondomeko, ndi sabata yathunthu yosaka ndi kuwerenga. Mukawerenga chonchi mudzaona kuti masabata atatu si ambiri. Ndipo pa gawo lililonse, nthawi imene mtima wanu wakuuzani, onjezanipo theka lake. Ophunzira a ku Canada aja akanatero akanayandikira choonadi.

Ntchitoyo muidule m'mizere ngati munda. Pa kope lanu musalembe kuti "kulemba asayimenti," chifukwa limenelo ndi phiri, ndipo mtima umathawa phiri. Lembani kuti "Lachitatu, 10 koloko mpaka 12 koloko, mu laibulale, kuwerenga mutu wachitatu ndi kutolamo mfundo zisanu." Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti munthu akatchula nthawi ndi malo amene adzachitire chinthu, amachichita kawirikawiri kuposa amene wangonena kuti adzachita. Mlimi naye sanena kuti "ndilima munda", amati "lero ndimaliza mizere khumi dzuwa lisanatenthe."

Maola 168

Sabata ili ndi maola 168, kwa wolemera ndi wosauka yemwe. Ndi bwino wophunzira kukhala pansi kamodzi n'kuwagawa moona mtima. Mwachitsanzo, tulo ta maola 7 usiku uliwonse titenga 49. Makalasi atenge 20. Kuphika, kudya, kusamba ndi kuchapa zitenge 21. Kuyenda kutenge 7. Mapemphero, masewero ndi kucheza zitenge 15, geni itenge 15. Atsala maola 41. Ngakhale mutachotsapo 10 a zogwa mwadzidzidzi, patsala 31, oposa maola anayi pa tsiku. Ambiri akawerenga chonchi amadabwa, chifukwa nthawi imene ankati palibe ilipo, kungoti yamwazika m'timaola ta pakati pa makalasi.

Timaola timeneti ndiye chuma chobisika cha wophunzira wa kuno. Masana pa sukulu pali kuwala, pali mipando, nthawi zambiri pali magetsi ndi intaneti ya sukulu. Amene amakhala kunja achite nzeru yotenga tsiku la sukulu ngati tsiku la ntchito: kufika m'mawa, kubwerera madzulo, osapita kunyumba pakati. Ntchito yofuna intaneti ndi laputopu ichitike pa sukulu. Zowerenga zikopedwe mu foni kapena zilembedwe pa pepala kuti usiku wa mdima usapite pachabe. Zolemba zanu muzisunge malo awiri, pa flashi ndi pa imelo, chifukwa laputopu imabedwa ndipo flashi imagwidwa ndi vairasi pa makompyuta a anthu ambiri.

Pa nthawi yowerengayo, foni ikhale m'chikwama, data itazimitsidwa. Francesco Cirillo wa ku Italy, ali wophunzira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anayamba kugwira ntchito mphindi 25 osadukiza kenako n'kupuma mphindi zisanu, ndipo njira yake inafala dziko lonse ndi dzina lakuti Pomodoro. Chinsinsi chake si nambala 25. Chinsinsi n'chakuti munthu amene akuopa phiri akhoza kuvomera kukwera kwa mphindi zochepa, ndipo akayamba, mantha amachepa. Ena amapeza kuti mphindi 45 ndizo zimawayenera. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Za kuchezera usiku wonse tinene mosabisa. Ophunzira ambiri amakunyadira, koma mutu wosagona umawerenga tsamba katatu osatolapo kanthu, ndipo zimene munthu waphunzira zimakhazikika m'mutu akagona. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zophunzira zimaiwalika msanga ngati sizibwerezedwa, ndi kuti kubwereza kotalikirana masiku kumaposa kuunjika zonse nthawi imodzi. Kuchezera kungapulumutse asayimenti imodzi, koma kumapha makalasi a tsiku lotsatira, ndipo ngongole ya tulo imabwezedwa ndi chiwongola dzanja.

Anzathu, aphunzitsi ndi makolo

Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu lowerengera limodzi limathandiza ngati aliyense abwera atawerenga kale. Koma ntchito ya pagulu ndi imene imachedwa kuposa zonse, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wayamba. Pa msonkhano woyamba gawanani zigawo, tchulani dzina pa gawo lililonse, ndipo gwirizanani tsiku lophatikiza limene lili patsogolo pa tsiku la aphunzitsi. Wosabweretsa gawo lake auzidwe msanga, mwaulemu koma mosapita m'mbali.

Wophunzira aphunzirenso kunena kuti "lero sindikwanitsa." Kwaya, bungwe la ophunzira a kwanu, mpira, chibwenzi, zonsezi ndi zabwino ndipo zimamanga munthu. Koma wovomera chilichonse amakhala atakana maphunziro ake osadziwa. Atsikana ambiri okhala ndi achibale mu tauni, komanso akuluakulu ophunzira Loweruka ndi Lamlungu kapena kudzera m'maphunziro a patali, amasenza ntchito za pakhomo pamwamba pa sukulu. Iwowa afunika kukambirana ndi a pabanja pawo poyera kuti maola akutiakuti ndi a buku. Makolo ndi achibale nawo amvetse kuti mwana amene ali ndi mpata pa ndandanda ya makalasi sali pa tchuthi.

Nanga zikavuta ndithu? Ngati mwadwala kapena mwaferedwa, dziwitsani aphunzitsi tsiku lisanafike, ndi chikalata cha kuchipatala ngati chilipo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati ntchito zaunjikana, yambani ndi imene ili pafupi ndiponso yolemera malikisi, ndipo perekani ntchito yapakatikati pa nthawi yake m'malo mwa yokongola imene yachedwa. Chimene simuyenera kuchita ndi kukopera ya mnzanu, kugula yolembedwa kale, kapena kupereka zimene ChatGPT yalemba ngati zanu. Chilango chake chikhoza kufika pochotsedwa sukulu, ndipo ngakhale musagwidwe, mwadzibera nokha. Namwino, injiniya kapena mphunzitsi amene anadutsa mwa njira imeneyo adzakumana ndi tsiku limene palibe womulembera yankho.

Sukulu nazo zili ndi mbali yawo. Aphunzitsi a dipatimenti imodzi akhoza kukhala pansi n'kumwaza masiku operekera ntchito kuti asagwe sabata imodzi. Ntchito yaikulu ikhoza kuperekedwa m'zigawo: mutu ndi ndondomeko choyamba, zolemba zoyamba pambuyo pake, yomaliza kumapeto. Sabata yolandira ophunzira atsopano isamathere pa kuwaonetsa nyumba zokha. Iwaphunzitsenso kugawa semesita. Laibulale yotseka mochedwa, masoketi okwanira ndi intaneti yodalirika zimapulumutsa maola ambiri kuposa ulaliki uliwonse wa kulimbikira.

Komabe khasu lili m'manja mwa mwini munda. Digiri ikatha, moyo sudzabwezeretsa belu lija. Ku ofesi, kuchipatala, kumunda wa kafukufuku, pa bizinesi yanu, mudzapatsidwa tsiku n'kusiyidwa nokha, ndipo magetsi adzazimabe, maliro adzagwabe. Luso limene mukuphunzira pogawa masabata atatu a asayimenti ndi lomwelo limene lidzachititse anthu kukudalirani. Ndiye asayimenti yotsatira ikaperekedwa, musaipinde n'kuiika m'chikwama. Khalani pansi tsiku lomwelo, werengani funso, tsegulani kalendala, bwererani m'mbuyo masiku atatu, ndipo lembani mzere woyamba. Mvula yagwa kale. Nthaka ikadali yonyowa.